Kilimanjaro mu Ogasiti kenako Zanzibar: ndalama sizikukwanira zonse, tidule pati?

Nambewe wa ku Zomba

Moni nonse pagulu pano. Ine ndi alamu anga tagwirizana zokakwera Kilimanjaro mu Ogasiti. Tonse awiri tinafikapo pa Sapitwa, ndipo Loweruka timakonda kukwera phiri la Zomba wapansi kuchokera m'tauni. Tikatsika kumeneko ine ndikufunitsitsa ndikaone Zanzibar, chifukwa agogo anga aakazi anali a ku Nkhotakota ndipo nkhani za a Jumbe tinakula tikuzimva madzulo aliwonse.

Vuto ndi ndalama zakunja, monga mukudziwira momwe zilili kuno. Kampani ina ya ku Moshi, tauni ya m'munsi mwa phirilo, yatipatsa mitengo iwiri: njira ya Marangu masiku 5, kapena Machame masiku 7. Ndalama zosiyanitsa mitengo iwiriyi ndi zomwe zikanatifikitsa ku Zanzibar. Alamu akuti titenge ya masiku 5 poti miyendo tili nayo. Safunsa anadya phula, ndiye amene munapitako tithandizeni nzeru.

Bambo a Yamikani

Achemwali, chepetsani china chilichonse koma masiku a paphiri musawakhudze. Ine ndinadzera Machame, ndipo ndikunena zomwe ndinaona ndi maso.

Sapitwa ndi mamita 3,002. Mukadzera Marangu, usiku wachiwiri mumagona pa Horombo, pafupifupi mamita 3,700, ndiye kuti mwaipitirira kale Sapitwa ulendo usanafike ndi pakati pomwe. Usiku wachitatu muli pa Kibo, mamita 4,700, ndipo pakati pa usiku womwewo akudzutsani kuti muuyambe wa pa Uhuru, nsonga ya phiri lonselo, mamita 5,895. Pamwamba pajapo mukakoka mpweya kamodzi, okosijeni amene walowa ndi pafupifupi theka la amene munthu amakoka ali m'mbali mwa nyanja ku Dar es Salaam. Miyendo ingalimbe bwanji, thupi limafunabe masiku kuti lizolowere mpweya wochepawo.

Ubwino wa Machame uli pa tsiku lachitatu. Mumachoka pa Shira n'kukwera mpaka pa Lava Tower, mamita 4,600, kudya nkhomaliro pamenepo mutu ukugunda, kenako n'kutsika kukagona pa Barranco, pomwe ndi mamita osakwana 4,000. M'mawa mwake mumadzuka mutapepukidwa. Ndiye pali usiku wina pa Karanga musanafike pa Barafu. Ndalama mukuziona ngati zowonjezerazo mukugula mausiku amenewa.

Chisale wa pa Likhubula

Amayi, ine ntchito yanga ndi yotsogolera alendo kuno ku Mulanje, ndipo okonzekera Kilimanjaro amabwera kudzayesera kuno. Kukwera Zomba Loweruka n'kukagona kunyumba n'kwabwino, koma sikukuphunzitsani kudzuka miyendo ili yowawa n'kuyambanso. Bwerani mu Juni kapena Julayi, muyende masiku otsatizana: Likhubula, Chambe, Chisepo, Sapitwa, ndiye kutsika. Pa Chisepo nyengo imeneyo udzu umayera ndi chisanu m'mawa, ndipo ndi pomwe mudzadziwire ngati jekete yanu ikuteteza kapena ayi.

Komanso yeserani kutsika. Anthu amaganiza za kukwera kokha, koma tsiku lofika pa Uhuru ndi lomwelonso mumatsika mpaka pa msasa wa Mweka, mamita pafupifupi 2,800 kupita pansi. Mawondo ndi zikhadabo za kumapazi zimavutika tsiku limenelo. Nsapato mugule panopa, muyambe kuyendera.

Namwino ku Leicester

Ndiwonjezere mbali ya zaumoyo, chifukwa nkhaniyi si yofika pamwamba yokha, ndi ya moyo.

Matenda a pamalo okwera amayamba ndi mutu, nseru, kusafuna chakudya ndi kusowa tulo. Zimenezi zimagwira anthu ambiri ndipo sizisankha, wothamanga mpikisano akhoza kudwala pomwe agogo ali bwinobwino. Zoopsa ndi ziwiri. China ndi madzi kulowa m'mapapo: munthu amachita befu ngakhale atangokhala pansi, amatsokomola, nthawi zina makhololo athovu osakanikirana ndi magazi. China ndi kutupa kwa ubongo: amadzandira, amalankhula zosalongosoka, amangofuna kugona. Ziwirizi zimapha, ndipo chochita choyamba ndi kutsika nthawi yomweyo, kaya ndi usiku.

Malangizo a madokotala ndi oti mukadutsa mamita 3,000, malo ogona asamakwere kuposa mamita 500 pa usiku umodzi. Marangu ya masiku 5 imakukwezani pafupifupi mamita 1,000 usiku uliwonse. Kunena zoona, pafupifupi njira zonse za Kilimanjaro zimaphwanya lamulo limeneli penapake, koma zazitali zimapatsako thupi mpata.

Pali mankhwala a acetazolamide, ambiri amawadziwa kuti Diamox, omwe amathandiza thupi kuzolowera msanga. Amachititsa dzanzi m'zala ndiponso kukodza pafupipafupi. Musangogula pa famase, kaonaneni ndi dokotala kaye, makamaka ngati thupi lanu limadana ndi mankhwala a gulu la sulfa, muli ndi vuto la impso, la mtima, kapena muli oyembekezera. Amene ali ndi sickle cell asayese n'komwe phiri limeneli. Chinanso chomwe ife a kwathu tiyenera kukumbukira ndi malungo. Mutu ndi kusanza pa Shira zikhoza kukhala malungo amene munanyamula pamsewu. Thupi likatentha musangoti ndi phiri, uzani wokutsogolerani.

Alamu ake a Nambewe

Zikomo nonse, ndine amene ndikuumirira masiku 5. Ndamva bwino, koma anthu amafika pa Uhuru kudzera Marangu yomweyo chaka ndi chaka, ndipo kumeneko mumagona m'nyumba osati m'matenti. Komanso mtengo wake ukundizunguza mutu. Kodi ife a mu Africa muno sitilipira zochepa pa geti? Ndinamva kuti anzathu a ku Kenya amalipira pang'ono.

Kalua wa ku Karonga

Achimwene, a ku Kenya amalipira zochepa chifukwa ali mu East African Community. Malawi sali m'bungwe limenelo, ndiye pa geti mumalipira chimodzimodzi ndi munthu wochokera ku Germany. Nthawi imene ine ndinapita, ya paki inali madola 70 pa tsiku, malo a tenti madola 50 pa usiku, kapena 60 ngati ndi m'nyumba za Marangu, madola 20 a opulumutsa anthu, ndiye msonkho wa VAT wa 18 peresenti pamwamba pake. Werengerani muone kuti gawo lalikulu la mtengo limapita ku boma la Tanzania kampani isanagule ndi mpunga womwe. Kukwera nokha sikuloledwa, muyenera kukhala ndi wotsogolera wa chiphaso.

Pa nkhani ya Marangu sindikutsutsani kwenikweni. Pali Marangu ya masiku 6, yomwe mumagona Horombo kawiri, masana n'kukayenda cha ku Zebra Rocks, nsonga ina ya phirilo yotchedwa Mawenzi ili pamaso panu. Imeneyo ndi yabwinoko kwambiri kuposa ya masiku 5.

Koma ndalama za Zanzibar musazifune paphiri, zifuneni pamsewu. Mwawerengera ndege, si choncho? Kwerani basi. Mufike Karonga, muwoloke pa Songwe, tsidya linalo ndi Kasumulu, kenako Tukuyu mpaka Mbeya. Kuchokera ku Mbeya mabasi opita Arusha ndi Moshi amadzera Iringa ndi Dodoma. Ndi ulendo wautali wotopetsa, ndiye mufike ku Moshi kudakali masiku awiri kuti mupume. Pasipoti ya Malawi sifuna visa ku Tanzania. Mukawoloka Songwe pititsani wotchi patsogolo ndi ola limodzi, ndipo pogula tikiti funsitsani nthawi yonyamukira, chifukwa kumeneko amayamba kuwerenga maola kuchokera 6 koloko m'mawa, ndiye nthawi yawo imasiyana ndi ya pawotchi ndi maola 6.

Ndikuuzeninso chinthu chimene chimandinyaditsa. Pa 9 Disembala 1961, pomwe Tanganyika imalandira ufulu, msilikali amene anakakweza mbendera ndi muuni pamwamba pa phirilo anali Alexander Nyirenda, wobadwira kwathu ku Karonga. Nsonga imeneyo kale inkatchedwa dzina la mfumu ya ku Germany, Kaiser Wilhelm, lomwe anaipatsa Hans Meyer atafikapo ndi Ludwig Purtscheller mu 1889.

Nambewe wa ku Zomba

Za a Nyirenda ndazimva lero, zikomo a Kalua. Basi sitikuiopa. Pali kampani inanso yatitumizira mtengo wa Machame wotsika kwambiri, pafupifupi wofanana ndi wa Marangu uja. Tiitenge?

Bambo a Yamikani

Ayi, ifunseni kaye mafunso. A Kalua akuonetsani kuti ndalama za paki sizisintha. Ndiye mtengo ukatsika modabwitsa, watsikira pamsana pa onyamula katundu.

Pa Barafu, tenti yathu inayandikana ndi ya gulu lina. Kutada ndinaona mnyamata wa gulu limenelo atakhala kuseri kwa mwala, atavala nsapato zansalu zong'ambika kuphazi, masokosi atawavala m'manja m'malo mwa magolovesi, akunjenjemera moti kapu ya tiyi imene ophika athu anamupatsa inkatayikira. Anali atanyamula katundu wa alendo tsiku lonse atangodya kamodzi. Chithunzi chimenecho sichinandichokebe m'maso.

Funsani kampaniyo kuti onyamula katundu imawalipira zingati pa tsiku, amadya kangati, amagona angati mu tenti imodzi. Lamulo ndi loti katundu wa alendo asapitirire makilogalamu 20 pa munthu, ndipo amayeza pa sikelo pa geti. Ku Moshi kuli bungwe la Kilimanjaro Porters Assistance Project lomwe limayang'anira momwe makampani ogwirizana nalo amasamalira anthuwa, ndipo mayina a makampaniwo ali pa intaneti. Ndalama yothokozera pomaliza muiwerengeretu mu bajeti, ndipo muipereke poyera aliyense akumva.

Chisale wa pa Likhubula

Bambo a Yamikani mwalankhula zondikhudza. Ine ndisanayambe kutsogolera ndinkanyamula katundu kukwera Chambe. Mlendo akakufunsa dzina, akakufunsa ngati wadya, tsiku lonse limayenda bwino. Amayi, mukakafika kumeneko musakachite ngati simukuwaona anthu amenewo.

Alamu ake a Nambewe

Zamveka. Tiuzeniko za usiku womalizawo, umakhala bwanji?

Bambo a Yamikani

Mumadya madzulo msanga, n'kugona mutavala pafupifupi zovala zonse, koma tulo sitibwera. Cha m'ma 11 koloko akubweretserani tiyi ndi mabisiketi. Mukatuluka panja mumaona mzere wa matochi a pamphumi ukukhotakhota kukwera m'mwamba, ndipo kumbuyo kwanu, kutali pansi, magetsi a Moshi. Kumazizira kupyola pomwe madzi amaundana. Madzi a mu botolo amayamba kuuma kukamwa kwa botololo, n'chifukwa chake amakuuzani kuti mulizondotse ndi kuliika m'kati mwa jekete.

Njira yake si yokwawa ndi manja ngati miyala ya pa Sapitwa. Ndi mchenga ndi timiyala tosereleka, ndipo mumayenda phazi limodzi, kupuma, phazi lina. Otsogolera amaimba chapansipansi kuti musagone chiimirire. Cha m'ma 4 koloko ndi pomwe anthu ambiri amafooka mtima. Kenako kum'mawa kumayamba kufiira kuseri kwa Mawenzi, n'kufika pa Stella Point, mamita 5,756, m'mphepete mwa chigwa cha pamwamba. Kuchokera pamenepo kukafika pa Uhuru ndi pafupifupi ola, makoma a ayezi ali chakumanzere. Pa chikwangwani simukhalitsa, mumajambulitsa n'kuyamba kutsika.

Mugwirizane muli kunyumba kuti wina akadwala amatsika popanda kukangana, ndipo mutsimikize kuti kampani ikupatsani otsogolera awiri, kuti wina atsike ndi wodwalayo.

Namwino ku Leicester

Mfundo yomalizayo ndi yofunika zedi. Munthu amene ubongo wayamba kutupa amakana kuti akudwala, ndiye mnzake ndi amene ayenera kulimba mtima. Inshuwalansi yanu muiwerenge bwino, zambiri zimakhala ndi malire a kutalika kwa phiri, ndiye mupeze yofika mamita 6,000.

Mayi a Tamanda, Dar es Salaam

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, tsopano ndilowepo pa mbali imene ndikuidziwa. Ndine wa ku Salima koma ndimakhala kuno.

Choyamba, musathawe ku Moshi mukangotsika. Anthu a m'munsi mwa phirimo, Achagga, ali ndi ulimi woti mlimi aliyense wa kwathu auone. M'munda umodzi muli mitengo italiitali pamwamba, nthochi pansi pake, khofi pansi pa nthochi, ndiye zilazi ndi masamba pansi penipeni, madzi akubwera m'ngalande zomwe makolo awo anakumba kuchokera m'mitsinje ya m'phiri. Ku Materuni amakuonetsani kukazinga khofi ndi kumusinja mu mtondo, kenako mumayenda kukaona mathithi. Mukalawe mtori, msuzi wa nthochi zosapsa wophikira limodzi ndi nyama ya ng'ombe. Munthu wotsika phiri umamukhalira bwino m'mimba.

Za Zanzibar, chodula ndi mahotela a m'mphepete mwa nyanja monga ku Nungwi. Inu mukufuna Stone Town, tauni yakale ya pachilumbapo, ndipo imeneyo ndi ya wapansi. Boti kuchokera ku Dar limatenga pafupifupi maola 2. Pasipoti muitenge chifukwa amaiona pofika, ndipo kuyambira Okutobala 2024 alendo amafunika kugula inshuwalansi ya boma la Zanzibar, muiike mu bajeti.

Malo oyamba mupite ku Mkunazini, pomwe panali msika wa akapolo mpaka unatsekedwa mu 1873. Pamalo pomwepo a Anglican anamangapo tchalitchi cha Christ Church motsogozedwa ndi Bishopu Edward Steere. Panja pali dzenje lokhala ndi ziboliboli za anthu omangidwa unyolo m'khosi. M'kati mwa tchalitchi muli mtanda wopangidwa ndi mtengo umene pansi pake anakwirira mtima wa David Livingstone kwa Chitambo, ku Zambia. Muli nyumba yofotokoza mbiri yonse, ndipo pa mapu a njira za akapolo mudzaiona nyanja yathu. Ine ndinaima pamenepo nthawi yaitali, misozi ikungotsika.

Valani modzilemekeza, mapewa ndi mawondo zibisike. Chitenje chimathandiza kwambiri.

Che Amidu

Amayi anena zoona, koma ndipemphe a Nambewe kuti musakaone Zanzibar ngati manda okha. Ine ndine wa ku Nkhotakota komweko. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika kwathu m'zaka za m'ma 1840, ndipo malonda ake a anthu ndi minyanga anasiya bala lomwe sitingalibise. Koma njira yomweyo inabweretsanso Chisilamu, zombo za matanga panyanja yathu, ndi ulimi wa mpunga umene Nkhotakota imadziwika nawo. Mukamayenda m'tinjira ta Stone Town mudzaona zitseko zosema, mudzamva kuitanira mapemphero, madzulo mudzadya pa Forodhani, bwalo la m'mbali mwa nyanja pomwe amagulitsa zakudya, pamodzi ndi mabanja a komweko. Anthuwo ali ndi moyo wawo lero, ndipo ena mwa iwo makolo awo anachokera kwathu kuno.

Mayi a Tamanda, Dar es Salaam

Ndikuvomereza, Che Amidu. Ndiwonjezere kuti ubale ulipo mbali zonse. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA amene anamanga Christ Church ndi omwewonso anadzakhazikika pa Likoma n'kumanga St Peter's.

Ngati ndalama za boti zavuta, Bagamoyo ili makilomita pafupifupi 70 kumpoto kwa Dar, mumapita ndi minibasi n'kubwerera tsiku lomwelo. Kumeneko ndi komwe Susi ndi Chuma, antchito a Livingstone, anafikitsa mtembo wake mu Febuluwale 1874, atausenza kuchokera kwa Chitambo, ndipo unagonekedwa pa mishoni ya Katolika. Chuma ameneyo anali Myao, anawomboledwa m'manja mwa ogwira akapolo ali mwana mu 1861, kumapiri a chigawo cha kummwera kwathu komweko.

Kalua wa ku Karonga

Zovala musawononge ndalama. Malaya otentha a m'kati, masokosi aubweya ndi chipewa mupeza pa kaunjika. Jekete yaikulu, sleeping bag ndi ndodo zoyendera amabwereketsa ku Moshi, koma muzione ndi maso tsiku lisanafike, makamaka zipi. Majumbo apulasitiki analetsedwa ku Tanzania kuyambira Juni 2019, ndipo paphiri salola mabotolo a madzi ogula m'sitolo aja, mutenge olimba odzazanso. Ogasiti mwasankha bwino, mvula yaikulu ndi ya Malichi mpaka Meyi, koma ndi mwezi wozizira komanso wa anthu ambiri, ndiye sungitsani malo msanga.

Nambewe wa ku Zomba

Takhala pansi ndi alamu usiku wathawu. Tatenga Machame ya masiku 7, tipita pa basi kudzera Songwe, ndipo kampani yotchipa ija taitumizira mafunso a Bambo a Yamikani. Ikapanda kuyankha bwino tibwerera ku yoyamba. A Chisale, tikupezani mu Juni. Stone Town tigonako usiku umodzi kapena iwiri.

Koma chinthu china chikundivutabe. Agogo ankatchula Kilwa, osati Zanzibar. Ankati anthu akawolotsedwa nyanja pa Nkhotakota ankayenda wapansi mpaka ku Kilwa. Kodi ndi kofikika?

Mayi a Tamanda, Dar es Salaam

Agogo ankanena zoona. Anthu ogwidwa m'dera la nyanja yathu ambiri ankafikira ku Kilwa Kivinje, ndipo kuchokera kumeneko ndi pomwe ankakwezedwa zombo kupita ku msika wa ku Zanzibar. N'kofikika. Ndi makilomita pafupifupi 300 kummwera kwa Dar, msewu wa tala wopita ku Lindi ndi Mtwara, ndipo mabasi ake mumakwerera ku Mbagala m'mawa.

Ma Kilwa alipo atatu, musasokoneze. Kilwa Masoko ndi komwe kuli malo ogona. Kilwa Kisiwani ndi chilumba chomwe chili pafupi pomwepo, chokhala ndi mzikiti waukulu wakale ndi mabwinja a nyumba yachifumu ya Husuni Kubwa ya m'zaka za m'ma 1300. Kuti muwoloke mumayamba mwatenga chilolezo ndi wokutsogolerani ku ofesi yoona zakale ku Masoko. Koma ya agogo anuyo ndi Kivinje, yomwe mumayamba kuipeza musanafike Masoko. Ndi tauni ya asodzi, nyumba zakale zamiyala zikugumuka, boma lakale la Ajeremani litayang'ana kunyanja. Alendo safikako ambiri, ndiye mupeze munthu wa komweko akuyendetseni. Muikepo masiku awiri owonjezera, limodzi la Kisiwani ndi Kivinje, lina lobwerera ku Dar, ndipo pochoka ku Dar mutenge ndalama za Tanzania zokwanira m'thumba.